Mtengo uwu ndi wa ndani?

Awa ndi mawu omwe tinalankhula Loweruka ku Njuli, titakumana ndi amayi ndi atsikana tisanayambe kugawana mbande. Ambiri omwe simunafike munapempha kuti tiwalembe. Ndi awa, tangochotsamo kuseka ndi kulira kwa ana.

Zikomo amayi, zikomo achemwali, zikomo agogo athu omwe mwakhala kutsogoloku. Amfumu, zikomo potibwereka bwalo lanu. Ena mwayenda wapansi, ena mwakwera minibasi ku Limbe m'mawa uno n'kupanikizana mpaka kutsika pa siteji apa, fumbi la malole a kwale lili m'maso. Takuonani nonse.

Tiyambe ndi kuulula tchimo, poti kubwalo sanama. Chaka chatha, nyengo ngati ino, gulu lathu linabzala mitengo. Tinavala ma T-shirt ofanana, tinamanga zitenje, aliyense anajambulitsa atanyamula kambande kake ngati khanda. Zithunzi zinayenda pa Facebook, anthu n'kumatiyamikira kuti atsikana awa ndiye akuchita zakupsa. Mu Okutobala tinabwerera kukaona. Amayi inu, manyazi. Tinkachita kufufuza ndi phazi kuti kodi dzenje lija linali pati. Mitengo yomwe inatsala tinaiwerenga ndi zala za dzanja limodzi, chala china n'kutsalako.

Tinayamba kulozana zala. Wina akuti mbuzi, wina chiswe, wina dzuwa, wina ana a sukulu. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma mayi wina wachikulire, ali pano koma sitiwatchula, anangotifunsa kuti: "Ana inu, mitengoyo inali ya ndani?" Ife tinayankha monyadira kuti inali ya gulu, ya tonse. Anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ya tonse? Ndiye mbuzi nazonso zinali m'gulumo."

Kenako anatitengera pakhomo pawo. Panali peyala, mango awiri, gwafa, mapapaya kuseri kwa bafa, chammwamba kumpanda. Yonse yamoyo, yobiriwira, mkati mwa Okutobala. Palibe T-shirt yomwe inavalidwa pobzala mitengo imeneyo. Anayamba kutilozera umodzi umodzi: uwu ndinabzala chaka chomwe ndinabereka mwana wachiwiri, uwu ndinatenga njere ku Thyolo pa ukwati wa mng'ono wanga, uwu anaudya mbuzi kawiri koma ndinaukaniza kufa. Mtengo uliwonse unali ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amagona pafupi nawo.

N'chifukwa chake chaka chino sitikupita kuphiri kapena m'mbali mwa msewu. Aliyense atenga mbande yake n'kukabzala pakhomo pake, pomwe amatayira madzi otsukira mbale, pomwe angaione akangotsegula chitseko. Boma limatsegula nyengo yobzala mitengo pa 15 Disembala n'kutseka pa 15 Epulo, ndipo chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti kwabzalidwa mitengo mamiliyoni. Sitikutsutsa. Ife tangoona ndi maso athu kuti kubzala ndi tsiku limodzi, kulera ndi zaka.

Wina atha kufunsa kuti gulu lomenyera ufulu wa amayi, za mitengo zalowa bwanji? Si ntchito ya alangizi a zankhalango imeneyo? Funso limeneli amafunsa ndi munthu yemwe sanasenzepo mtolo wa nkhuni. Kuno ku Chiradzulu, malinga ndi kalembera wa 2018, tilipo anthu oposa 350,000 pa boma lomwe ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri m'dziko muno. Minda ndi timagawo. M'midzi yambiri tchire lotolamo nkhuni linatha kalekale, amayi akuphikira mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Ife a m'tauni tikuphikira makala omwe thumba lake likukwera mtengo mwezi ndi mwezi. Ndipo mu Malichi 2023 tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Soche ndi ku Chilobwe, ngakhale konkuno kwa Ntauchira, dera la mfumu yaikulu Likoswe, komwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola mudzi. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Tisanamizane, mango a pakhomo sangaletse phiri kugumuka, mvula ija inali yoopsa. Koma dothi lopanda mizu limakokoloka msanga, ndipo omwe anagona m'makalasi a sukulu ana ali kumsana, ambiri anali ife.

Komano tikanena kuti "kabzale pakhomo pako", pabuka funso lina, lomwe ndi lenileni latisonkhanitsa pano. Pakhomo pakopo ndi pako?

Kuno kwathu, kaya ndiwe Mlomwe, Myao kapena Mmang'anja, mwambo waukulu ndi chikamwini. Mwamuna amabwera kwa mkazi, malo amachoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Anzathu a kumpoto, komwe mkazi amapita kwa mwamuna akamulowola, amatiuza kuti tili ndi mwayi, ndipo mwayiwo ulipodi, tisaupepuse. Banja likatha, wonyamuka si iwe. Koma tiyeni tifunsane bwinobwino. Munda ukamagulitsidwa, ndalama amalandira ndani? Pokambirana malire, amakhala pampando ndani, pamphasa ndani? Mwinimbumba ndi atsibweni. Ndiye munda umakhala wa mayi polima ndi popalira, wa bambo pokagulitsa nandolo, wa atsibweni akabwera munthu wa galimoto kuchokera ku Blantyre.

Pa nkhani ya mitengo ndiye pali chinthu choseketsa, chomvetsanso chisoni. Akuluakulu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mkamwiniyo mwambi umenewu amaudziwa. Amadziwa kuti zikavuta adzanyamula bulangete lake ndi wailesi n'kumapita, mtengo sadzauzula. Ndiye abzalirenji chinthu chomwe chidzabereke patatha zaka zisanu? Ochita kafukufuku wa za malo m'Malawi muno analemba kale zimenezi, kuti mwamuna wokhala kwa mkazi sakhala ndi chidwi chobzala mitengo ngati yemwe ali pamalo a kwawo. Mbali inayi, mkazi, mwini malo, anamuphunzitsa kuyambira ali mwana kuti kukumba dzenje ndi kusankha mtengo ndi za abambo. Mapeto ake, bambo sabzala poti malo si ake, mayi sabzala poti ntchito si yake. Pakhomo pali mbee, ana akusewera padzuwa, mango tikukagula pa Mbulumbuzi.

Ndipo ngakhale mayi atabzala, nkhani sithera pomwepo. Mmodzi wa ife, tili naye pano ndipo watilola kufotokoza, anakulira pansi pa mtengo wa mango a boloma womwe anabzala ndi agogo ake aakazi. Mtengo waukulu, woti anthu awiri kugwirana manja osauzungulira. Pansi pake ndi pomwe ankasinja, pomwe ankalukana tsitsi, pomwe iye anawerengera mayeso a fomu 4. Nthawi ya mango mayi ake ankadzaza madengu n'kukakhala pamsewu wa Zomba, ndipo ndalama imeneyo ndi yomwe inkagula makope ndi yunifolomu. Chaka ndi chaka, osathira feteleza, osapalira. Ali ku koleji analandira foni kuti mtengo uja wagwa. Sikuti ndi mphepo. Atsibweni anaugulitsa kwa owotcha njerwa. Mayi ake anali ku maliro mudzi wina, pobwera anapeza chitsa ndi utuchi. Atafunsa, anawayankha kuti: "Mtengowu n'ngwa pamtundu." Anawapatsako ya sopo. Mtengo womwe unaphunzitsa mwana mpaka ku yunivesite unathera mu uvuni umodzi wa njerwa, njerwa zake zomangira mpanda wa munthu wina.

Taona ena mukugwedeza mitu. Nkhani imeneyi si ya pakhomo limodzi, eti?

Ife tinapita kukawerenga malamulo, kuti madigiri aja asamangokhala opachika pakhoma. Tikuuzani zinayi zokha, zoti muzisunge m'mutu.

Lamulo la za nkhalango la 1997 limanena kuti munthu akabzala mtengo pamalo omwe ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito, ali ndi ufulu wokolola za mumtengomo ndi kuchita nazo zomwe akufuna. Limanenanso kuti amene wasamala mtengo pamalo otero, ngakhale womera wokha, mtengowo ndi wake. Silinati bambo, silinati mwinimbumba. Linati munthu. Chachiwiri, malamulo aakulu a dziko lino, gawo 24, amati mkazi ali ndi ufulu wokhala ndi katundu payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ali pabanja kaya sali pabanja, ndipo banja likatha katundu yemwe munali naye limodzi agawidwe mwachilungamo. Chachitatu, lamulo la malo a m'midzi la 2016 limalola munthu kulembetsa malo ake, payekha kapena ndi ena, ndipo limati komiti yoona za malo kwa gulupu ikhale ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, mwa iwo atatu kapena kuposa akhale amayi. Atatu. Kalembera wa malo akafika m'dera lanu, musakhale kumbuyo mukuyamwitsa. Imani nawo pa chisankho, ndipo onetsetsani dzina lomwe likulembedwa papepala. Chachinayi n'cha inu omwe munapita ku chitengwa, mukukhala kwa amuna. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu, munthu atha kumangidwa nawo.

Tsono tisakunamizeni. Mtengo si chikalata cha malo. Kukhoti simudzanyamula dengu la mango kuti nawu umboni. Koma amfumu ali pano atitsutse ngati tikunama: mlandu wa malo ukafika pabwalo lino, limodzi mwa mafunso oyamba limakhala lakuti, nanga mtengo uwo anabzala ndani? Anthu amaiwala mawu, mboni zimamwalira, mizere imasuntha usiku. Peyala wa zaka khumi sasuntha. Ndiye pobzala musachite mobisa. Itanani mayi anu, mng'ono wanu, oyandikana nawo, ngakhale atsibweni omwewo, muwapatse mpando. Nenani mokweza kuti mtengo uwu ndikubzala ine, wakutiwakuti. Selfie ija yomwe inatipusitsa chaka chatha ipeze ntchito tsopano: jambulani inu, mbande, nyumba kumbuyo ndi anthu omwe alipo, foni imasunga yokha tsiku. Ifenso tili ndi kope, tilembamo dzina lanu, mtundu wa mtengo ndi mudzi.

Chenjezo pang'ono. Musakabzale pamalire penipeni kuti mupse mtima anthu, mtengo umakula, nthambi n'kulowa kwa eni, mlandu n'kudzagwera ana anu. Ndipo ngati muli m'nyumba yoti kungokumba dzenje osapempha kungakubweretsereni chibakera, musalimbane nazo nokha chifukwa cha mbande. Tipezeni pambali tikamaliza, nkhani imeneyo ndi yaikulu kuposa mtengo ndipo tili ndi koyambira. Kwa ambiri a ife, bambo a m'nyumba sangakane. Auzeni chilungamo: mapeyala awa adya ndi ana anu, mthunzi uwu mukhalapo ndi inu. Akafuna kuthandiza kukumba, apatseni pikisi, musawamane.

Tibwere kwa ife a m'tauni, a ku Ndirande, Bangwe, Machinjiri, Kachere, ife a lendi. Tikudziwa zomwe mukuganiza: ndibzale peyala kuti adzadye alandilodi? Mwezi wamawa andipatsa notisi, kapena akweza lendi poti pakhomo pakongola. N'zoona. Ifenso ambiri tasamuka katatu m'zaka ziwiri. Pali njira ziwiri. Yoyamba, bzalani zofulumira kapena zonyamulika. Papaya amabereka chaka chisanathe kapena kungopitirira pang'ono. Chammwamba mumayamba kuthyola masamba patangopita miyezi yochepa. Ndimu amatha kukhala mu diramu yodula pakati kapena chibigiri chakale chomwe mwaboola pansi, ndipo tsiku losamuka amakwera lole limodzi ndi matiresi. Muwafunse kaye alandilodi, ndipo muwafunse pa WhatsApp kuti yankho likhale lolembedwa.

Yachiwiri ndi yomwe tikufuna muimvetsetse. Ambiri a ife tili ndi gawo lathu kumudzi, kwa amayi athu, koma timangofikako pa maliro ndi pa Khrisimasi. Malo a m'mbali mwa msewu uno akugulidwa, mukuona nokha mipanda ya njerwa ikumera pomwe panali chimanga. Tsiku lina mudzatsika minibasi mutanyamula shuga ndi buledi, n'kupeza mabikoni pamunda wa mayi anu. Mukadzafunsa adzati, inu si a m'tauni, malo mumatani nawo? Kabzaleni pagawo lanulo. Mupangane ndi mng'ono wanu kapena msuweni yemwe amakhala pomwepo kuti azithirira, ndipo muzimutumizira kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Osati kumupempha ngati chifundo, kumulipira, chifukwa ndi ntchito. Ndalama ya bandulo ya sabata imodzi itha kusunga mtengo mwezi wathunthu. Mtengo umenewo uzikunenerani kumudzi inu muli ku Limbe.

Tsopano za dothi, chifukwa ufulu wopanda dzenje labwino umauma mu Okutobala.

Tabweretsa mango ndi mapeyala okwatitsa, ena amati omezanitsa. Ukwati wokakamiza womwe gulu lino limavomereza ndi umenewu wokha. Amatenga kanthambi ka mtengo wobereka bwino n'kukalumikiza pa mbande yomera ku njere, yomwe mizu yake ndi yolimba. Ubwino wake, mango okwatitsa amayamba kubereka pa zaka zitatu kapena zinayi, pomwe a njere mutha kudikira zisanu, zisanu ndi ziwiri, osadziwanso kuti adzakoma bwanji. Sakula kwambiri, ndiye amakwana pakhomo laling'ono. Mitundu monga Kent ndi Keitt imapsa mochedwa, mango a makolo atayamba kutha pamsika, nthawi yomwe mtengo wake umakhala wabwino. Sitikunyoza boloma, ayi ndithu, yemwe ali ndi malo abzale. Bulugamu yekha ndiye tikuti pakhomo ayi. Amakula msanga, milimo yake ndi ndalama, koma amamwa madzi kwambiri ndipo pansi pake mbewu sizikondwa. Ofuna nkhuni ndi chonde abzale gilisidiya m'mbali mwa munda: mumadulira nthambi, masamba mumakwirira m'nthaka, iye n'kuphukanso.

Sankhani malo muli ndi mtengo wa zaka khumi m'maganizo, osati kambande kali m'manjaka. Mango kapena peyala akhale mapazi aakulu asanu ndi atatu kapena khumi kuchoka kunyumba ndi ku mtengo unzake. Pewani pansi pa mawaya a ESCOM, pamwamba pa paipi ya madzi, ndi pafupi ndi thanki ya chimbudzi. Peyala amadana ndi madzi odikha, pamalo pomwe pamachita chithaphwi mvula ikagwa mizu yake imaola.

Dzenje: masentimita 60 mulitali, 60 mulifupi, 60 kuya. Ngati mulibe tepi, kuya kwake kufike cha m'bondo n'kupitirira pang'ono. Tikudziwa, dothi la kuno n'lamiyala, dzina la Njuli linatchuka ndi kwale si pachabe. Chaka chatha tinkangokhapa kawiri ndi khasu n'kulowetsa, poti kamera inali kudikira. Kumbani ndithu. Dothi lapamwamba, lakuda lija, ikani mbali imodzi, lapansi lofiira mbali ina. Lakudalo sakanizani ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola bwino, ndipo libwerere m'dzenje loyambirira. Manyowa aawisi a nkhuku amawotcha mizu, musayerekeze. Lofiira lija mupangire kamkombero kozungulira, ngati beseni, kosunga madzi.

Chotsani chubu. Tikubwereza: chotsani chubu. Chaka chatha titafukula ina mwa mitengo yakufa ija tinaipeza ili m'mapulasitiki ake, mizu itapiringizana ngati zingwe za mahedifoni. Ng'ambani chubu ndi lezala cha m'mbali, osagwedeza dothi la ku mizu. Mbande ilowe mpaka pomwe dothi la m'chubu linalekezera, osapitirira. Pamfundo pomwe anakwatitsira pakhale pamwamba pa nthaka, mukapakwirira mwaononga ukwati. Tsenderani ndi manja kapena phazi pang'onopang'ono, thirani ndowa ya madzi ngakhale kuli mvula, kenako phimbirani ndi udzu wouma. Udzuwo usakhudze tsinde, siyani mpata ngati chikhatho, apo ayi mwaitanira chiswe ku phwando. Phulusa la pamoto kuwaza mozungulira limathandizako, ena amathira masamba a nimu osinja. Bzalani madzulo kapena tsiku la mitambo, mvula itakhazikika, dothi litanyowa mpaka pansi.

Zikamera nthambi m'munsi mwa mfundo ija, budulani, zimenezo ndi za mtengo wa njere ndipo zikakula zimalanda chakudya chonse. Kapepala ka pulasitiki komwe anamangira pamfundo mukachotse pakagwirana bwino, kasadye tsinde. Ndipo ichi n'chowawa: mango okwatitsa amatha kuchita maluwa ali kamwana, chaka choyamba kapena chachiwiri. Thothoni maluwawo. Mtima udzakana, mudzafuna kujambula kabango koyamba n'kuika pa status. Thothoni. Kamtengo kakabereka kasanakhwime kamapinimbira. Pamenepa sitiwonjezera mawu, gulu lino mukulidziwa zomwe limanena za ana obereka ana.

Mapapaya bzalani atatu kapena anayi, chifukwa simungadziwe aamuna ndi aakazi mpaka atachita maluwa. Aamuna amatulutsa maluwa ambirimbiri olendewera, zipatso ayi. Ena amawamangirira chitsononkho kuti asinthe. Ife sitinaonepo mwamuna atasintha chifukwa cha chitsononkho. Siyani mmodzi kuti athandize aakaziwo kubereka, enawo dulani.

Mdani wamkulu afika anthu akakolola, mbuzi zikamasulidwa. Mbuzi imodzi imamaliza ntchito ya miyezi isanu pa mphindi ziwiri, ndipo mwini wake adzakuuzani kuti mbuzi ilibe nzeru. Tchingani tsiku lomwelo lobzala, osadikira Meyi. Njerwa zosweka kusanja mosiya mipata, nsungwi, minga, matumba akale a simenti pa zikhomo zinayi, chilichonse, bola mpanda ufike m'chiuno ndipo kuwala kuzilowa pamwamba.

Kenako madzi, ndipo apa tilankhule ngati amayi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, kamtengo kamafuna ndowa imodzi kawiri pa sabata, kwa zaka ziwiri zoyambirira. Madzi amenewo adzasenza ndani kuchoka kumjigo? Tikudziwana. Mabungwe ambiri amabwera ndi mbande mazanamazana, kuwasiyira amayi, n'kulemba mu lipoti kuti amayi atukuka, pomwe angowawonjezera mitolo pamutu. Ife sitikufuna zimenezo. N'chifukwa chake lero palibe atenge mbande zoposa ziwiri, ngakhale mutatinyengerera bwanji. Tengani yomwe mungathe kuimwetsa. Madzi otsukira mbale, otsukuluzira zovala ndi osamba asatayike pabwalo, bola asakhale a sopo wambiri kapena a jiki. Botolo la malita awiri kuliboola timabowo pansi, kulikwirira pambali pa mtengo n'kumalidzaza, madzi amatsikira ku mizu pang'onopang'ono osauma ndi dzuwa. Ndipo anyamata a pakhomo ali ndi manja. Mwana wamwamuna yemwe adzakwere mumtengomo kukathyola mango ayambe lero kudziwa njira ya kumjigo.

Sitili oyamba kuganiza zimenezi. Ku Kenya, Wangari Maathai anayambitsa Green Belt Movement mu 1977, atamva amayi a kumidzi akudandaula za nkhuni, madzi ndi chakudya, madandaulo omwewa. Tsiku loyamba anabzala mitengo isanu ndi iwiri yokha ku Nairobi. Chomwe chinatigwira mtima n'chakuti gulu lake linkapereka kandalama kwa amayi powerenga mbande zomwe zapulumuka, osati zomwe zagawidwa. Ndipo iye anazindikira msanga kuti ukayamba kufunsa za mitengo umafika pofunsa za malo, ukafunsa za malo umafika kwa akuluakulu. Mu 1989 analimbana ndi boma la Daniel arap Moi lomwe linkafuna kumanga chinyumba chosanja mu Uhuru Park, ndipo anamunyoza poyera ngati mkazi wosamvera, wosiyidwa banja. Mu 1999 anamumenya mpaka kutuluka magazi m'mutu ku nkhalango ya Karura atapita kukabzala mitengo. Mu 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere, mkazi woyamba wa mu Africa kuilandira. Ife sitikufuna Nobel, amayi. Tikungofuna kuti mwana wathu akadzalandira foni ali ku koleji, ikhale yomuuza kuti mango apsa, abwere adzatenge.

Ndiye pangano lathu ndi ili. Lero sitiwerenga mitengo ndipo sitilengeza nambala iliyonse. Tidzawerenga mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, tidzayenda khomo ndi khomo ndi kope lija. Womwe wafa tidzafunsa chomwe chaupha, osati kuti tikuchititseni manyazi, ife tinachita kale manyazi okwanira tonse, koma kuti tibwezeretse mvula ikubwerayo. Ngati wina waudula kapena kuuzula dala, tidzabwera nanu pabwalo lino, ndipo amfumu amva okha tikunena.

Mbande zili pamthunzi apo, mango kumanja, mapeyala kumanzere, mapapaya ndi chammwamba m'mabeseni. Yambani mwalembetsa dzina, lanu lenileni, osati "mayi a uje" kapena "akazi a uje". Agogo omwe anatiseka aja avomera kutionetsa dzenje loyamba pakhomo pa mdzukulu wawo kuseri kwa tchalitchiku, ndipo ati aliyense wa manelo aatali abwere kutsogolo, ndi amene ayambe kugwira khasu.